Alpha ya diso ikamakana: zimene ndimayang'ana ndisanaimbe mlandu burashi

Mnyamata wina wa ku Zingwangwa amene akuphunzira kuumba pa kompyuta anafika kwathu ku Chilomoni Loweruka lina masana, laputopu ili m'chikwama. Anali ataumba mutu wa bambo wachikulire, ndipo ntchito anaigwira ndithu: masaya olowa, makwinya a pachipumi, mlomo wam'munsi wogwa pang'ono. Vuto linali maso. "Achimwene, taonani," anatero, "ndadinda mpaka kakhumi koma likungotuluka ngati batani la jekete." Nditalikulitsa disolo ndinaona kabokosi kotukuka kozungulira chakuda cha diso, mkati mwake muli mizere yokwera ngati masitepe, ndipo pakatikati panali potsinika ngati pakamwa pa thumba lomangidwa ndi luzi. Iye ankaganiza kuti burashi yake, kachida ka mu pulogalamu koumbira ndi kudindira, ndi yoonongeka. Koma mavuto atatuwo panalibe limodzi lochokera ku burashi.

Alpha ndi chithunzi chopanda mitundu, chakuda ndi choyera ndi phulusa la pakati pake, chimene pulogalamu ngati ZBrush kapena Blender imachiwerenga ngati msinkhu. Poyera pamatukuka, pakuda pamatsalira pansi. Ndi chidindo basi. Ndipo monga chikombole chopindika chimatulutsa njerwa zopindika ngakhale woumbayo akhale katswiri chotani, alpha yolakwika imadinda zolakwika zake pa diso lililonse. N'chifukwa chake ine ndimayamba kufufuza fayilo, kenako dongo la pa kompyuta limene ndikudindapo, burashi pomalizira.

Masitepe m'malo mwa malo osalala

Ili ndiye vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri. Mukadinda, malo amene amayenera kutsetsereka bwinobwino amaoneka ngati migula ya m'minda ya m'mbali mwa phiri la Ndirande. Chimachititsa ndi kuchepa kwa misinkhu m'chithunzimo. Chithunzi cha 8-bit chili ndi misinkhu 256 yokha kuchokera pakuda kufika poyera. Kwa maso athu poonera chithunzi n'zokwanira, koma mukasandutsa misinkhu imeneyi kukhala kukwera kwa dongo, sitepe iliyonse imaonekera. Cha 16-bit chili ndi misinkhu 65,536. Choncho yambani fayilo yanu ili 16-bit kuchokera pachiyambi penipeni. Pa mapulogalamu ojambulira zithunzi, Krita imatha, GIMP nayo imatha kuyambira pa 2.10 imene inatuluka mu 2018, ndipo zonsezi ndi zaulere. Sungani ngati PNG ya 16-bit, TIFF, PSD kapena EXR.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kusintha chithunzi cha 8-bit kukhala 16-bit sikubwezeretsa kalikonse. Mwangothira madzi omwe aja m'ndowa yaikulu. Ngati mulibe kuchitira mwina, sinthani kaye kukhala 16-bit, kenako muikepo Gaussian Blur yaing'ono, pixel imodzi kapena awiri, kuti pulogalamu ipange misinkhu yatsopano pakati pa masitepewo. Tinthu ting'onoting'ono titayikako, koma diso lisalala.

JPG musaiyandikire. Imapanikiza chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo timabokosito timatulukira pa dongo ngati nsungu. Mnyamata uja alpha yake anailandira kwa mnzake pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, ndiye inafika itapanikizidwa kale. Potumizirana ma alpha, tumizani ngati Document, kapena patsanani pa fulashi. Bandulo idyekako zambiri, inde, koma fayilo ifika mmene inachokera.

Kabokosi kozungulira chidindo

Ukadinda n'kuona ngodya zinayi zitatukuka kapena zitalowa, dziwa kuti pulogalamu ndi chithunzi sizikumvana pa funso limodzi: mtundu uti ukutanthauza kuti pano pasasunthe? Mu ZBrush, mwachizolowezi chakuda ndicho sichisuntha kanthu. Ngati m'mbali mwa alpha yanu ndi mwakuda koma osati kuda kwenikweni, titi 3 kapena 5 m'malo mwa 0, maso anu saona kusiyanako koma dongo limamva. Tengani kachida koyezera mtundu muyeze ngodya zonse zinayi.

Alpha ya diso imafunika zonse ziwiri, zotukuka ndi zolowa, ndiye ambiri timaijambula pa phulusa la pakati. Mukatero muiuze pulogalamu. Mu ZBrush pitani ku Alpha, Modify, muike MidValue pa 50. Pomwepo pali Rf, imene imazimiririka m'mbali pang'onopang'ono, kwezaniko pang'ono. Focal Shift ya burashi muitsitse pa -100 kuti chidindo chilowe mofanana pakati ndi m'mphepete, ndipo Stroke ikhale DragRect. Mu Blender zofanana nazo ndi izi: Sample Bias pa -0.5, Mapping pa Area Plane, Stroke pa Anchored, Falloff pa Constant, ndi Extension ya chithunzi pa Clip kuti chisabwerezedwe m'mbali.

Pali msampha wina mu Blender umene unandidyera masiku awiri. Ndinali nditaika zonsezi bwino koma malo onse ankalowabe pansi ngati chigwa. Chinali Color Space. Chithunzi cha 16-bit chikawerengedwa ngati sRGB, phulusa la 0.5 limasanduka pafupifupi 0.21, ndiye chimene inu mukuti pakati pulogalamu ikuchiona ngati dzenje. Sinthani pakhale Non-Color. Alpha si chithunzi choonera, ndi miyezo.

Alpha ndi yakuthwa koma pa diso ikutuluka phala

Apa fayilo ilibe mlandu, dongo ndi limene lachepa. Tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa masamu ake amatsegula mutu. Diso la munthu wamkulu ndi pafupifupi mamilimita 24 kukula kwake, ndipo chakuda cha diso, chimene madokotala amati iris, ndi mamilimita 11 mpaka 12. Pa mpira wonsewo, iris imatenga malo osakwana 7 pa 100 alionse. Ndiye mukakhala ndi mpira wa ma polygon (tizidutswa timene timapanga dongolo) 1 miliyoni ogawika mofanana, pa iris pagwa 67,000 okha, zimene zikufanana ndi kachithunzi ka ma pixel osafika 300 m'lifupi. Pamenepo inu mukudindapo alpha ya 2048, ya ma pixel oposa 4 miliyoni. Sizingakwane.

Anthu akaona zimenezi amathamangira kuwonjezera ma subdivision, kutanthauza kugawagawa ma polygon, pa mutu wonse. Sitepe iliyonse imachulukitsa ma polygon kanayi, ndipo laputopu zathu zambiri, za kaunjika za RAM ya 8 GB, zimayamba kulira fani mpaka kuuma. Njira yabwino ndi kuichotsa iris pa mpirawo ikhale chinthu pachokha. Mu Blender tengani Grid, chinthu chafulati, ya mabokosi 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, muikweze ndi Multiresolution masitepe 5. Mupeza ma polygon 1,048,576, onse akugwira ntchito pa iris yokha, ndipo alpha ya 1024 ikwanirapo ndendende. Yoposa pamenepo n'kungolemetsa makina, pokhapokha ngati kamera idzalowe m'diso mwenimweni. Musanakweze sitepe iliyonse dinani Ctrl ndi S. Tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kuno, ndipo batire la laputopu yakale silidikira munthu.

Mu Blender onaninso kuti mwachita Apply Scale ndi Ctrl ndi A. Chinthu chokokedwa mbali imodzi chimadinda bwalo ngati dzira.

Kutsinika pakati

UV Sphere, mpira umene ambiri timayambira poumba diso, ili ndi nsonga ziwiri pamene ma triangle onse amakumana, ndipo ife timakonda kuloza nsonga imodzi kutsogolo chifukwa mizere yake imazungulira bwino ngati ya diso. Pa nsongapo dongo limatsinika ngati nyenyezi. Kwa iris yankho n'losavuta: kamwana ka diso si kadontho kakuda, ndi bowo. Dulanipo pakatipo, kumbuyo muikeko chinthu chakuda. Kungoti dindani kaye musanaboole, chifukwa Anchored ndi DragRect zimayambira pakati, ndipo pakakhala bowo burashi ilibe pogwira. Kapena musiye burashi, mugwiritse Displace modifier pa Grid ija, Coordinates pa UV, Midlevel pa 0.5. Imeneyi ndimaikonda chifukwa ndikakonza alpha ndimangoitsegulanso, osadindanso. Kwa kagalasi ka kunja, kamene amati cornea, nsonga ija imaononga kuwala, ndiye yambani ndi Cube, muigawe kangapo, muisandutse mpira ndi To Sphere.

Zonse zili bwino, koma diso si la munthu wathu

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa mukhoza kukonza zonse zam'mwambazi n'kutsalabe ndi diso lachilendo pa nkhope ya Mmalawi. Ma alpha ambiri a iris amene timatsitsa pa intaneti anapangidwa poyang'ana maso a buluu kapena obiriwira. M'maso amenewo kuli mtundu wochepa pamwamba pa iris, ndiye ulusi wa mkati umaonekera wonse, woyera, wolukanalukana ngati mizu. Anthufe timaganiza kuti tikangopaka bulauni pa ulusi womwewo ndiye tapeza diso lathu. Chimatuluka ndi diso la munthu wovala magalasi a mitundu amene amamatidwa m'maso aja.

Ndinazindikira zimenezi pamene ndinkaumba nkhope ya mayi wachikulire ya kafilimu kakafupi. Ndinapita kwa agogo anga ku Bangwe m'mwezi wa Julaye, tsiku la chiperoni, n'kuwapempha kuti ndiwajambule diso. "Iwe, diso langali ulitani?" anafunsa. Ndinati, "Agogo, ndikufuna ndione mmene linapangidwira." Anaseka, n'kukhala pa mpando pafupi ndi khomo, kuwala kofewa kukuwagwera cha m'mbali. Pa foni ndinali nditapanirapo kagalasi kokulitsa, kaja kotchipa kokhala ngati chopanira zovala. Chithunzicho nditachitsegula pa kompyuta ndinakhala chete nthawi yaitali. Ulusi ndinauona wochepa kwambiri. Pamwamba pake panali posalala, pothithikana, ngati nsalu yofewa yaubweya. Chapafupi ndi kamwana ka diso panali kamzere kotukuka kokhotakhota kozungulira, timaenje tochepa tosongoka mbali zonse ziwiri ngati njere za nkhaka, ndipo chakunja kwake makwinya atatu ozungulira, odukaduka, ngati mafunde a m'beseni mukaponyamo mwala.

Zonsezi zili ndi mayina. Kamzere kokhota kaja amati collarette, kamakhala pafupifupi milimita imodzi ndi theka kuchokera m'mphepete mwa kamwana, ndipo ndi pamene iris inanenepa kwambiri. Timaenje tija amatitchula dzina la Ernst Fuchs, dokotala wa maso wa ku Austria. Makwinya ozungulira aja amabwera chifukwa iris imapindika kamwana kakamakula mumdima, ndipo amaoneka bwino kwambiri m'maso akuda. Pa mlomo penipeni pa kamwana pali kamkanda kakuda ka timabulu ting'onoting'ono. Kusalala kuja kumachokera ku melanin (chimene chimadetsa khungu ndi maso) yochuluka imene imakuta pamwamba pa iris n'kubisa ulusi.

Ndiye alpha ya diso lathu ndimaimanga motere, pa ma layer osiyana kuti chilichonse ndithe kuchikweza kapena kuchitsitsa pachokha. Pansi penipeni phulusa la pakati. Kenako collarette, yoyererako, yotakata, yokhotakhota mosabwereza. Kenako makwinya ozungulira awiri kapena atatu chakunja, akuderako, ndipo pasakhale limodzi lozungulira n'kukumana lokha, muziwadula ndi chofufutira. Timaenje tikhale tochepa, tina titatu pamodzi, kwina kopanda n'kamodzi komwe. Ulusi wochokera pakati kupita kunja ubwere pomaliza, mphamvu yake yochepa zedi, woti uziwoneka pokhapokha kuwala kukadutsa cha m'mbali. Pamwamba pa zonse kachiphokoso kosalala ka timadontho, kopatsa maonekedwe a nsalu aja. Ukamaliza, alphayo imaoneka ngati mulibe zambiri. Dzanja limayabwa kufuna kuwonjezera, koma ligwireni. Kukongola kwa diso lakuda kuli m'kuzama kwake ndi mmene limagwirira kuwala.

Za kujambula anthu maso: pemphani kaye, fotokozani chimene mukufuna, ndipo musawalitse fulashi ya foni pafupi ndi diso la munthu. Kuwala kwa pakhomo kapena pawindo n'kokwanira, ndipo kukachokera m'mbali kumaonetsa zotukuka bwino kuposa kochokera kutsogolo.

Chithunzi cha kamera si alpha

Mutajambula diso lokongola chonchi, mtima umafuna kungochotsa mitundu n'kudinda. Ndinayesa. Chithunzi cha khomo chimene chinkanyezimira pa diso la agogo chinatukuka ngati chotupa, mthunzi wa nsidze unasanduka ngalande, ndipo kadontho kakuda ka chibadwa kanakhala dzenje. Kamera imajambula kuwala, sijambula msinkhu. Choncho chithunzi chikhale pambali ngati mphunzitsi, inu muzijambula nokha mukuyang'ana. Ngati mukufuna kutengako kena kake, fufutani kaye kunyezimira ndi Heal kapena Clone, muikepo High Pass kuti mithunzi ikuluikulu ichoke, ndipo chotsalacho muchiike pamwamba ndi mphamvu yochepa.

Msoko, ndi ulusi wonga sipoko za njinga

Njira yachangu yojambulira ulusi ndi kujambula mizere yoimirira pa chithunzi chamakona anayi, kenako n'kuchizunguliza ndi Polar Coordinates, imene mu GIMP ili pansi pa Filters, Distorts. Imabweretsa mavuto awiri. Loyamba ndi msoko wowongoka pamene mbali ya kumanzere yakumana ndi ya kumanja. Musanazungulize, sunthani chithunzicho theka la m'lifupi mwake ndi Offset kuti msoko ubwere pakati, muukonze pamenepo. Mu Krita, Wrap Around Mode imakulolani kujambula mopyola m'mphepete, msoko osabadwa n'komwe.

Lachiwiri ndi kutambasuka. Ngati kamwana ndi mamilimita 4 ndipo iris ndi 12, bwalo lakunja ndi lalitali katatu kuposa lamkati, ndiye mzere uliwonse umafika kunja utanenepa katatu. Mbali imene idzakhale kunja muijambule ndi mizere yopyapyala komanso yochuluka. Ndipo mizereyo isakhale yowongoka. Ipindeni, ina igawikane pawiri, ina ithere panjira. Radial Symmetry nayo ndi yokopa, koma diso la munthu woonera limagwira msanga chinthu chobwerezedwa kasanu ndi katatu. Ine ndimaigwiritsa pongoyala maziko, kenako ndimaizimitsa n'kusokoneza ndi dzanja.

Maso awiri asadindidwe ndi alpha imodzi moyang'anizana. Iris ya kumanja ndi ya kumanzere za munthu mmodzi sizifanana, ngakhale za mapasa sizifanana. Ngati nthawi yachepa, zungulizani alphayo pa diso lachiwiri, musunthe timaenje tingapo.

Kutenga alpha pa chimene mwaumba

Ma alpha anga abwino kwambiri sindinawajambule, ndinawaumba pa chinthu chafulati kenako n'kuwatenga. Mu ZBrush, Document ikhale yofanana m'litali ndi m'lifupi, Perspective muizimitse ndi P, chinthucho chiyang'ane kutsogolo ndendende, ndiye Alpha, Transfer, GrabDoc. Imatuluka 16-bit. Ikatuluka yopendekera, mbali ina yoyera ina yakuda, ndiye kuti chinthucho chinapendekeka pang'ono, gwirani Shift potembenuza kuti chikhazikike. Mu Blender kamera ikhale Orthographic, ndipo samalani ndi View Transform. Filmic, kapena AgX imene inabwera ndi Blender 4.0 mu 2023, zimapinda misinkhu kuti chithunzi chikongole, pamene inu mukufuna miyezo yosapindidwa. Ikani pa Raw ngati mukusunga PNG, kapena sungani EXR.

Choyera cha diso ndi zikope

Mitsempha ya pa choyera cha diso musaidinde mozama, imaoneka ngati nyongolotsi. Yambiri ikhale ya mtundu chabe. Ndipo choyeracho si choyera ngati pepala. Mwa anthu akhungu lakuda nthawi zambiri mumakhala timawanga tabulauni, makamaka pafupi ndi pamene choyera chakumana ndi chakuda, ndipo malire amenewo ndi ozimiririka, osati odulidwa ndi lezala. Okalamba ambiri amakhalanso ndi kabwalo kotuwa m'mphepete mwa chakuda, agogo anga ali nako. Kameneka kali pa cornea, ndiye kapakeni pa kagalasi kakunja, osati pa alpha ya iris. Khungu la zikope ndi lopyapyala kwambiri, ndiye alpha ya timabowo ta pa tsaya siyenera pamenepo. Jambulani ina ya timizere topingasana tosazama, muidinde pa layer yakeyake motsatira mmene chikope chimapindikira.

Likuonekabe lakufa

Mukafika apa diso n'kukhalabe lopanda moyo, siyani alpha, vuto lili pa kuwala. Iris yokha popanda kagalasi pamwamba singanyezimire. Cornea imatukuka kuposa mpira wa diso, ndipo IOR yake, muyezo wa mmene chinthu chimapindira kuwala, ndi 1.376. Imapinda kuwala n'kukuponya pa mbali ya iris yotalikirana ndi kumene kwachokera, n'chifukwa chake diso lakuda, dzuwa likaligunda cha kumanzere, limayaka ngati uchi cha kumanja. Oumba ambiri amailowetsa iris mkati pang'ono ngati lichero kuti kuwalako kugwire bwino, ngakhale kuti yeniyeni sinalowe choncho. Poyesa, ikani nyali imodzi yokha cha m'mbali, muiyendetse pang'onopang'ono mukuyang'ana makwinya aja.

Mnyamata wa ku Zingwangwa uja tinakhala naye mpaka mdima. Alpha ya pa WhatsApp tinaitaya, iris tinaichotsa pa mpira, ndipo ndinamuuza kuti akapemphe munthu wa kwawo amujambule diso asanajambule mzere ngakhale umodzi. Lachitatu ananditumizira fayilo, ulendo uno ngati Document, ndi uthenga wakuti, "Achimwene, ndi la malume anga, ali ndi makwinya anayi, osati atatu." Ndinaidinda pa Grid yanga n'kuyendetsa nyali. Anayi ndithu, lachinayi lodukira pakati, ndipo ngodya imodzi ya chithunzicho inali isanafike pa phulusa la pakati, ndiye ndinamubwezera kuti akaiyeze.